Makorali osuluka pakati, odera kumapeto: lipoti la nyale za metal halide pa thanki ina ku Mzuzu

Thanki imene lipotili likunena ili polandirira alendo pa loji ina mumzinda wa Mzuzu. Ndi ya galasi, masentimita 180 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kuya kwake, malita pafupifupi 650 tikapatula kathanki kosefera madzi ka pansi pake. Mwini lojiyo anaigula ndi zida zake zonse kwa munthu wina amene kontrakiti yake inatha nabwerera kwawo. Nsomba amazidziwa bwino mwiniyu, pakuti wasunga mbuna za ku Nkhata Bay kwa zaka zambiri. Koma mbuna sizisamala kuti nyale ndi yotani, bola zizitha kuona chakudya. Makorali, tinyama ta m'nyanja yamchere timene tili m'thankiyi, amadya kuwalako. M'mnofu mwawo mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga shuga ndi kuwala n'kumagawira koraliyo. Kuwala kukachepa, nderezi zimachulukana ndi kuonjezera utoto wake kuti zigwire kochepa komweko, ndiye korali imadera ngati khofi. Kuwala kukachuluka mwadzidzidzi, makamaka madzi ali otentha, korali imazitulutsa nderezo n'kusuluka mpaka chigoba choyera kuonekera mkati mwa mnofu.

Pamwamba pa thankiyi panali bokosi la matabwa lotsekeka mbali zonse, ndipo mkati mwake munali nyale ziwiri za metal halide za 250W, za mababu ogwidwa kumapeto konse kuwiri, a kogwirira kotchedwa Fc2. Balasiti zake, zimene amisiri a magetsi amazitcha choki, zinali za maginito za 230V ndi 50Hz, zogwirizana ndi magetsi athu. Ichi tinachiyang'ana poyamba chifukwa zida zambiri za makorali zogulidwa pa intaneti zimachokera ku America, kumene balasiti zake ndi za 120V ndi 60Hz.

Mmene vuto linayambira

Kumapeto kwa Seputembala babu la kumanzere linapsa. Lina analiitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa munthu wobwera pa basi, ndipo uthenga umene anamutumizira unangoti 250W, Fc2, basi. Za mtundu wa kuwala sanatchule. Linafika patapita masabata atatu, loyera la 10,000K, pomwe lakale lotsala kumanja linali labuluu la 20,000K lokhala litayaka miyezi yoposa 18. Sabata imodzi itangodutsa, korali wotchedwa Montipora, wooneka ngati mbale, amene ali pamwamba pa miyala anayamba kuyera kumtunda, ndipo zitsamba ziwiri za korali wa nthambi wotchedwa Acropora pafupi naye zinatsatira. Kumapeto onse awiri a thanki, Acropora wina anali wodera kuyambira kale, osakula n'komwe.

Mwini anatiitana ali ndi ganizo lake kale. Anati: “Achimwene, babu loyerali ndi limene likupha zinthu zanga. Tipeze labuluu ngati lija, ndipo ngati n'kotheka tikweze zonse zikhale za 400W kuti kumapeto kuno kuwale.” Ganizoli linali ndi mbali yoona, koma likanatsatidwa lonse makorali a pakati akanatheratu.

Zimene tinapeza

Tisanayeze chilichonse, maso okha anaonetsa zinthu zitatu. Kalipentala amene anapanga bokosi anaika nyale zonse ziwiri moyandikana, pa masentimita 65 ndi 115 kuchokera kumanzere, chifukwa ndi pamene panali thabwa lolimba lomangirirapo. Zinali masentimita 15 okha pamwamba pa madzi. Choncho kuwala kwa nyale ziwirizi kumaunjikana pakati, kumapeto n'kutsala mumthunzi. Komanso thankiyi ili ndi timagalasi tiwiri topingasa pamwamba toilimbitsa, pa masentimita 60 ndi 120, ndipo tonse tinali titayera ndi mchere wouma, pansi penipeni pa nyalezo.

Chachitatu ndiye chinali choopsa. Nyale ya kumanzere inalibe galasi lake lotchinga. Mnyamata wosamalira thanki anafotokoza mosabisa: “Bwana, ndinalipukuta ndi nsalu yonyowa nyale itangozima kumene, ndiye linasweka. Ndinaona ngati ndi lotchingira madzi chabe.” Babu la mbali imodzi, lopotokola lija, lili ndi galasi lakunja limene limagwira UV, kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumawotcha. Babu la mbali ziwiri lilibe. Ndi kachubu ka quartz kokha, kamene UV amadutsamo. Popanda galasi lotchinga, UV ameneyo amawotcha mnofu wa makorali, komanso maso a munthu aliyense wotsegula bokosilo nyale ikuyaka. Nyaleyo tinaizimitsa pomwepo.

Kuti tiyeze, tinaika galasi lobwereka la nyale ya kumanja pa ya kumanzere, kenako kulibwezera, nyale iliyonse kuiyeza itayaka mphindi 20. Chida choyezera PAR, kuchuluka kwa kuwala kumene ndere ndi zomera zimapangira chakudya, chinachokera kwa mnzathu wina wa ulimi wa m'mashedi a pulasitiki. Zinthu ziwiri zofunika kukumbukira pa chida chotere: kachipangizo kake kakhale kosalowa madzi, ndipo ngati kanakonzedwera kuyeza mumpweya kamawerenga mochepera kakakhala m'madzi, ndiye pamafunika nambala yochulukitsira imene opanga amapereka. Mapampu tinawazimitsa kwa mphindi zochepa kuti pamwamba pa madzi pakhale bata. Pansi pa babu latsopano tinapeza 610 pa kuya kwa masentimita 10, ndi 380 pa masentimita 30. Pansi pa lakale, 260 ndi 170. Kumapeto, pa kuya kwa masentimita 30, kumanzere kunali 60, kumanja 30. Acropora amafuna pakati pa 200 ndi 400, makorali a mnofu wambiri monga Euphyllia pakati pa 75 ndi 150, ndipo ofewa monga Discosoma ndi Zoanthus amakhala bwino ngakhale pa 50. Choncho thanki imodzi yomweyo inali ndi malo owotcha ndi malo a njala, otalikirana theka la mita basi.

Masabata atatu a mdima aja anaonjezera vutoli. Makorali a kumanzere anali atazolowera babu lokalamba, kenako anakhala opanda babu n'komwe, nderezo zikudzikonza kugwira kuwala kochepa. Tsiku limodzi anangolandira kuwala kopitirira kuwirikiza kawiri kumene anakudziwa, kophatikiza ndi UV, m'mwezi wa Okutobala. Madzi amafika madigiri 29.5 cha m'ma 4 koloko madzulo, pomwe oyenera ndi pakati pa 24 ndi 27. Pa chida choyezera mchere, madzi anali pa 1.028 m'malo mwa 1.025 kapena 1.026, chifukwa malita 8 kapena 10 amauma tsiku lililonse ndipo kuthira ena kumadikira munthu akumbukire.

Taima nayo inali ndi nkhani. Inali ya mano ozungulira ija, imene imaima magetsi akazima n'kudzapitiriza pomwe inasiyira. Ikatsalira ndi maola angapo, mnyamata amayatsa ndi dzanja m'mawa kuti alendo aone nsomba, taima n'kudzazimitsa usiku kwambiri. Maola 10 amene anakonzedwa amafika 12 kapena 13. Tinayezanso madzi kuti tione ngati vuto lili mmenemo. Calcium anali 410, alkalinity 7.5 dKH, zabwinobwino. Nitrate anali 15 ppm, wokwererapo pang'ono, ndipo iyeyu amathandiziranso kudera kwa makorali. Koma Acropora wa mtundu womwewo amene anali pakati anali ndi utoto wake wabwino babu lisanapse, zimene zinationetsa kuti kumapeto vuto lalikulu ndi kuwala.

Zoyamba kuchita

Za mtundu wa babu tinazisiya kaye. Nyale ya kumanzere inakhala yozima mpaka galasi litapezeka. Galasi la pa windo silingathe, limasweka ndi kutentha, ndipo galasi lolimbitsidwa silidulika. Galasi loyenera linapezeka pa nyale yakale ya metal halide yowalitsa pabwalo, yopangidwira mababu a mbali ziwiri omwewa, ndipo wowotcherera anapanga tizitsulo ta aluminiyamu toligwira. Nyale zonse zinakwezedwa kufika masentimita 28 pamwamba pa madzi, thabwa la kumbuyo kwa bokosi linachotsedwa, ndipo mafani awiri a kompyuta a masentimita 12 anaikidwa kuti aziuzira pamwamba pa madzi. Maola anatsitsidwa kufika 5.

Pamwamba pa thanki, pansi pa babu latsopano, tinayala gozi wa pa windo wosanjikiza katatu. Akhale wa pulasitiki. Wa waya amachita dzimbiri, ndipo zitsulo zosungunukira m'madzi a mchere zimapha makorali. Akhalenso pa mlomo wa thanki, osati pafupi ndi babu, kuti angasungunuke. Pa chida chathu gozi aliyense amachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala. Alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Phoka amadziwa kuti mbande ya pa nazale saitulutsa pa dzuwa tsiku limodzi, udzu wa pa shedi amauchotsa pang'onopang'ono. Gozi nayenso amachotsedwa mmodzi pa sabata, ndipo korali ikaonetsa kusulukanso, mmodzi amabwerera.

Nthawi yoyatsa tinaisunthira madzulo, kuyambira 3 koloko, kuti kutentha kwa nyale kusakumane ndi kwa masana. Ku Mzuzu kumazizira msanga dzuwa likangolowa, ndipo imeneyo ndi nthawinso imene alendo amakhala polandirira. Taima inasinthidwa ndi ya batire mkati. Tinaonjezanso kachipangizo kochedwetsa kuyaka ndi mphindi 15, chifukwa babu la metal halide likazima lili lotentha siliyakanso mpaka litazizira. Magetsi akangothethima, choyatsira chimangolimenya babulo osayaka, ndipo moyo wake umafupika. Pa jenereta ndi pa inveta nyalezi tinazichotsapo. Makorali amapirira masiku awiri kapena atatu opanda kuwala, koma madzi akaima kwa maola ochepa mpweya umatha, ndiye mphamvu yochepa imene ilipo ipite ku mapampu.

Nyale zingati, ndipo pati

Lamulo limene osunga makorali amatsata ndi lakuti babu limodzi la 250W limawalitsa bwino malo a masentimita 60 mbali zonse, mpaka kuya kwa masentimita 60. Thanki ya 180 ikufuna nyale zitatu, pa masentimita 30, 90 ndi 150, iliyonse pakati pa chipinda chake kutali ndi timagalasi topingasa tija. Za 400W ndi za mathanki akuya masentimita 70 kapena 75. Pano zikanangoonjezera moto pakati, pakuti kukula kwa babu sikusuntha malo amene kuwala kukugwera; chimene chimatambasula kuwala ndi chowalitsira cha kumbuyo kwa babu, kutalika kwake pamwamba pa madzi, ndi malo amene nyale yamangidwa.

Nyale yachitatu tinaiwerengera. Babu la 250W pa balasiti ya maginito limakoka pafupifupi 290W. Awiri kwa maola 7 ndi mayunitsi 4 pa tsiku. Lachitatu likanaonjeza mayunitsi 2 pa tsiku, 60 pa mwezi, koma ndalama za mayunitsi sizinali vuto lalikulu. Vuto linali kutentha: thanki yopanda makina oziziritsa madzi, imene ndi nyale ziwiri zokha inali pa 29.5, sikanapirira yachitatu mu Okutobala ndi Novembala. Balasiti yachitatu nayonso inayenera kuchokera kunja.

Choncho tinasankha nyale ziwiri, pa masentimita 45 ndi 135, ndi machubu awiri oonda a magetsi otchedwa T5, a 80W, abuluu kwambiri, aatali masentimita 145, wina kutsogolo wina kumbuyo, odzaza mithunzi. Kenako miyala inasanjidwanso kuti itsate kuwala: milu iwiri yaitali pansi pa nyale iliyonse, chigwa pakati, kumapeto kotsika. Ndi njira yonyengerera, ndipo tinamuuza mwini momveka kuti thanki yodzaza Acropora kuchokera uku mpaka uko siingatheke ndi nyale ziwiri.

Mtundu wa kuwala

Apa ndi pamene tinafika pa funso limene mwini anayambira. Nambala ya Kelvin imene imalembedwa pa babu imanena maonekedwe a kuwala: 6,500K ndi kwa chikasu ngati dzuwa la masana, 10,000K koyera, 14,000K koyera kopita ku buluu, 20,000K kwa buluu weniweni. M'nyanja madzi amameza kuwala kofiira m'mamita oyambirira, kwa buluu n'kumatsika kutali, ndipo utoto wa nderezo, chlorophyll a, chlorophyll c2 ndi peridinin, umagwira kwambiri kuwala kwa buluu. Kuwala kwa buluu ndi kumenenso kumachititsa makorali kunyezimira mobiriwira ndi mofiira ngati m'mavidiyo a pa YouTube amene mwini amawakonda. Koma pa mawati omwewo, babu lopita ku buluu kawirikawiri limatulutsa PAR wochepa kusiyana ndi loyera.

Ndiye kusankha mtundu kunadalira zimene tinali titasankha kale pa malo a nyale. Titakweza nyale kufika masentimita 28 kuti kuwala kutambasuke, mphamvu yake pa korali iliyonse inatsika. Nyale zitatu zotsika zikanatha kukhala za 20,000K n'kukwanirabe. Ziwiri zokwezeka, zoyenera kuwalitsa masentimita 90 iliyonse, zinalibe mphamvu yotaya. La 10,000K linali ndi mphamvu yokwanira, koma m'chipinda cha matabwa ofiirira ndi magetsi achikasu a kudenga, thanki imaoneka ngati madzi ake ndi akuda. Tinasankha 14,000K onse awiri, a kampani imodzi, ogulidwa tsiku limodzi, buluu wotsalayo n'kuchokera ku T5. Makala osefera madzi anaikidwanso m'kathanki ka pansi. Mbali ina ya chikasu chimene mwini amadana nacho inali ya madzi enieniwo, ndipo madzi achikasu amameza buluu.

Nambala ya pa bokosi la babu isakhulupiriridwe kwambiri. Palibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsata, ndipo la 14,000K la kampani ina limatha kukhala labuluu kuposa la 20,000K la ina. Sanjay Joshi wa ku yunivesite ya Penn State ku America, amene anayeza mababu ambiri a mathanki a makorali, anaonetsanso kuti babu lomwelo limasintha mphamvu ndi mtundu malinga ndi balasiti imene ikuliyendetsa. N'chifukwa chake poitanitsa muyenera kutchula mawati, mtundu wa kogwirira, Kelvin, kampani ndi balasiti imene muli nayo. Babu latsopano limatenga maola pafupifupi 100 kuti mtundu wake ukhazikike, ndiye osaliweruza usiku woyamba. Poliika osaligwira ndi zala. Likakhudzidwa lipukutidwe ndi sipiriti, ligone mopingasa, ndipo kachotupa ka pa chubu kasayang'ane pansi.

Zotsatira

Mababu atsopano anayamba ndi gozi atatu kachiwiri, maola n'kumakwera ndi theka la ola pa sabata mpaka 7, T5 maola 9, kuyaka ola limodzi nyale zazikulu zisanayake ndi kuzima ola limodzi pambuyo pake. Gozi womaliza atachoka tinayezanso: 300 pamwamba pa milu iwiri ija pa kuya kwa masentimita 20, pakati 170, kumapeto 110, pamchenga pakati pa 80 ndi 120. Madzi sanadutsenso madigiri 27. Mafani anaonjeza kuuma kwa madzi kufika malita 12 pa tsiku, ndiye tinaika chigubu cha madzi osefedwa opanda mchere, otchedwa RO, ndi valavu yoyandama kuti mchere usamakwere ndi kutsika.

Korali yosuluka si yakufa. Ukaiunika ndi tochi usiku, timilomo take timaoneka titatuluka, ndipo chigoba chake sichigwira ndere. Yakufa imachita utoto wobiriwira kapena wodera m'masiku ochepa. Montipora anali wamoyo. Tinamutsitsira pamchenga, n'kumamudyetsa usiku kawiri pa sabata chakudya cha ufa cha makorali, pakuti wopanda ndere zake alibe kwina kopeza chakudya. Timadontho todera tinayamba kuoneka sabata yachisanu, ndipo pofika sabata ya 10 mtundu unabwerera pafupifupi paliponse kupatula kumtunda kwenikweni kumene UV anawotcha.

Chitsamba chimodzi cha Acropora chinachira. Chinacho mnofu wake unayamba kusupuka kuchokera kutsinde, mofulumira, tsiku limodzi masentimita angapo. Zikatero palibe chodikira: tinadula nthambi zinayi masentimita 2 pamwamba pa malire a mnofu wosupukawo, n'kuzimata ndi guluu wa cyanoacrylate, supagulu uja, pa timiyala tina kutali. Ziwiri zinagwira. Kupulumutsa nthambi zotere kuno n'kofunika kuposa kwa anzathu a m'mbali mwa nyanja yamchere, chifukwa makorali olimba onse ali pa Appendix II ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, ndipo kulowetsa ena m'dziko kumafuna zikalata ndi ulendo wautali umene ambiri sapirira.

Acropora wodera wa kumapeto sitinamukweze pamwamba tsiku limodzi, pakuti amene wakhala pa 30 akaikidwa pa 300 amasuluka ngati anzake aja. Anayambira pamchenga pansi pa nyale, n'kumakwera masentimita 10 masabata awiri aliwonse. Nsonga zake zinayamba kuoneka zabuluu mu Febuluwale. Kumapeto kunapita Zoanthus ndi Discosoma, pakati Euphyllia.

Mu Juni vuto linatembenuka. Usiku wa ku Mzuzu umatsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo, bokosi linali lotsegula kumbuyo, ndipo mafani amayakabe limodzi ndi nyale. M'bandakucha madzi amapezeka pa 23. Mafani anawalumikiza ku chida choyeza kutentha kuti aziyaka madzi akadutsa 26.5, ndipo hita yachiwiri ya 300W inaonjezedwa.

Mababu a metal halide amafooka ndi kusintha mtundu asanapse, choncho awa adzasinthidwa pakati pa miyezi 9 ndi 12, limodzi kaye, linalo patapita masabata awiri, lililonse ndi gozi wake. Tsiku loika linalembedwa mkati mwa bokosi. Akale ali ndi mercury, saponyedwa kudzala kapena kuwotchedwa ndi zinyalala. Amasungidwa m'makatoni awo osasweka. Awiri osungira anagulidwiratu chifukwa masitolo ambiri anasamukira ku LED ndipo a Fc2 akusowa. Wina akamayamba thanki yatsopano lero tingamulangize LED, koma pano balasiti ziwiri zabwino zinalipo kale.

Mwini akufunabe Acropora pakati pa thanki, pamene PAR ali pa 170. Kuti zitheke padzafunika nyale ya 150W pa masentimita 90, ya 14,000K ngati zinzake, ndipo makina oziziritsa madzi adzayenera kufika nyaleyo isanayatsidwe.